Mapesi Ali ndi Eni Ake

Munthu amene ayenda pa msewu wochokera ku Lilongwe kulowera ku Kasungu m'mwezi wa Juni, pamene chimanga chalowa m'nkhokwe, mikukwe yapasulidwa, ndipo mapesi ali mbwee mbali zonse kufikira kumene maso alekeza, akadzabwereranso njira yomweyo mu Seputembala napeza minda ija ili bii ndi lupsa, utsi uli tolotolo ngati nsembe yopanda woilandira, sangalephere kudzifunsa mumtima mwake chifukwa chimene dziko lino, limene nkhalango zake monga ya Dzalanyama zikutha ndi nkhwangwa ya wootcha makala, ndiponso limene magetsi ake amathima kawirikawiri, likutenthera chuma chotere pachabe. Funsolo n'labwino, ndipo wolifunsayo si woyamba, pakuti akatswiri a za magetsi ndi mafuta akhala akulifunsa zaka zambiri, kuno ndi kunja komwe. Koma yankho lake lili ngati mkuyu wa m'mwambi uja: chikomekome kunja, m'kati muli nyerere.

Zoti zotsala za m'munda zikhoza kusanduka moto wothandiza, imeneyo si nkhani yokayikitsanso ayi. Mankhusu a mpunga, makoko a mtedza ndi utuchi, zikapanikizidwa m'makina mpaka zitagwirana ngati njerwa, zimasanduka mabriketi amene amayaka pambaula m'malo mwa nkhuni. Zitsononkho zikatenthedwa m'ng'anjo yotsekedwa, imene mpweya umalowamo pang'onopang'ono, zimatulutsa gasi woyendetsa injini ya chigayo kapena ya magetsi. Ndipo ku Nchalo m'boma la Chikwawa, ndi ku Dwangwa m'boma la Nkhotakota, kumene kampani ya Illovo imapanga shuga, zotsala za nzimbe zofinyidwa, zimene a kufakitale amazitcha bagasse, ndizo nkhuni zowiritsira madzi, nthunzi yake n'kumaphika shuga ndi kupukusa magetsi a pamalopo. Ngakhale petulo amene timathira m'galimoto ali nalo gawo lake la m'munda, pakuti chiyambire chaka cha 1982 fakitale ina ya ku Dwangwa yakhala ikutcheza ethanol kuchokera ku molasesi, madzi akuda onata aja otsala popanga shuga, ndipo mu 2004 inayamba inzake ya PressCane ku Chikwawa; ethanol ameneyu amasakanizidwa ndi petulo wogula kunja.

Chovuta chili pa kuwerenga. Ng'anjo ya fakitale ili ngati mwana wakhanda, amene sadziwa kuti kunja kuli chilala: ifuna chakudya chake usana ndi usiku, ndipo ngongole ya kubanki imene inamangira ng'anjoyo imaitanitsa zake mwezi ndi mwezi, kaya moto ukuyaka kaya wazima. Chifukwa chake munthu wanzeru, asanaumbe njerwa ndi imodzi yomwe, amayamba wakhala pansi nafunsa kuti zotsalazo zidzapezeka zochuluka motani chaka chamawa ndi zaka khumi zikudzazo, zidzapezeka kuti, mwezi uti, ndiponso pamtengo wanji. Ntchito yoyankha mafunso amenewa ndiyo tikuitcha kulosera, ndipo owerenga asaganize za kuombeza ula. Ndi ntchito ya sikelo, chingwe choyezera, mabuku a mvula ndi masamu ochotsera.

Mlimi aliyense amadziwa matumba amene wakolola, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anaikapo mapesi ake pasikelo. Wolosera amayamba ndi chimene chimayezedwa, ndicho chimanga chenichenicho, nafika pa mapesi podzera m'kulingana kumene kulipo pakati pa mbewu ndi thupi limene laibereka. Pa chimanga cha makono, kulemera kwa mapesi ouma, pamodzi ndi masamba ndi makoko ake, kumayandikira kulemera kwa chimanga chotong'ola, kotero kuti hekitala imene yatulutsa matani 2 a chimanga yasiyanso pafupifupi matani 2 a zotsala. Chimanga cha makolo, chimene chimatalika kwambiri koma n'kubereka mochepa, chimasiya mapesi ochuluka kuposa mbewu yake. Ndipo apa pali chinthu choseketsa pang'ono, chakuti mbali imodzi ya ntchito ya akatswiri opanga mbewu ku Chitedze ndi kwina yakhala yochepetsa phesi ndi kukuza chitsononkho, ndiye kuti wofuna mapesi ndi wofuna ufa sakokera mbali imodzi. Pa mpunga wosapuntha, gawo limodzi mwa magawo asanu ndi mankhusu. Pa makilogalamu 100 a mtedza wosaswa, pafupifupi 30 ndi makoko. Tani imodzi ya nzimbe ikafinyidwa imasiya makilogalamu pafupifupi 300 a bagasse, koma theka la kulemera kumeneko ndi madzi, ndipo madzi sayaka. Wolosera amene saneneratu ngati matani ake ndi a zouma kapena a zaziwisi wanamiza kale omumvera, angakhale sanafune kutero.

Popeza zonse zitsamira pa zokolola, kulosera zotsala kumayamba ndi kulosera dzinja. Chaka ndi chaka, mvula isanagwe, nthambi ya boma yoona za nyengo imalengeza m'mene ikuonera dzinja likudzalo, ndipo chimodzi mwa zimene imayang'ana ndi kutentha kwa madzi a m'nyanja ya Pacific, kutali kumene ambiri a ife sitidzafikako. Madziwo akatentha kuposa nthawi zonse, nyengo imene imatchedwa El Niño, chigawo chathu cha kummwera kawirikawiri chimalandira mvula yochepa ndi ng'amba zazitali. Mbewu zikadzalidwa, Unduna wa Zaulimi umatumiza alangizi ake m'zigawo zisanu ndi zitatu za ulimi, kuyambira ku Karonga mpaka ku Chigwa cha Shire, kukachita kalembera wa zokolola maulendo atatu: woyamba mbewu zikali zanthete, pamene chodziwika ndi kukula kwa minda ndi maonekedwe a mmera, wachiwiri zitabereka, wachitatu pokolola, pamene zenizeni zimakwera pasikelo. Ulendo uliwonse umakonza zolakwa za unzake, ndipo nthawi zina kusiyana kwake kumakhala kwakukulu, chifukwa pakati pa ulendo woyamba ndi wachitatu pakhoza kugwa ng'amba ya masabata atatu pamene chimanga chikumasula, kapena ntchemberezandonda zimene zinatipeza m'dzinja la 2016 kulowa 2017, kapena namondwe wonga Freddy wa mu Malichi 2023. Chakudza sichiimba ng'oma.

Masiku ano kwabweranso maso ena ochokera kumwamba. Setilaiti za ku Ulaya zotchedwa Sentinel-2, zimene yoyamba yake inaulutsidwa mu 2015, zimajambula munda uliwonse pamasiku asanu alionse, ndipo kadontho kamodzi ka pachithunzi chake kamaimira malo a mamita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi. Kuchokera pa kubiriwira kwa masamba, kompyuta imawerengera kuchuluka kwa thupi lonse la mbewu, ndipo kunena zoona, pa ntchito ya mapesi chida ichi n'choyenerera kuposa pa ntchito ya chimanga, popeza chimene setilaiti imaona ndi masamba, si njere zobisika m'makoko. Komatu miyezi imene tifunitsitsa kuona pansi ndiyo miyezi imene thambo ladzala mitambo. Ndiponso munda wa ku Chiradzulu, wosakwana theka la hekitala, m'mene muli chimanga, nandolo, maungu, nyemba, mtengo wa mango ndi kaufiti pamodzi, kwa setilaiti ndi kubiriwira kumodzi basi. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Chithunzi cha kumwamba chimafuna munthu wopita ndi mapazi kukachitsimikizira pansi.

Zonse zanenedwazi zimangotifikitsa pa chiwerengero chachikulu, chimene chimakondweretsa pamsonkhano: dziko likakolola matani 3.5 miliyoni a chimanga, ndiye kuti m'minda mwagona mapesi olemera chimodzimodzi. Apa ndipo ambiri amaimira, ndipo apa pomwepo ndi pamene ntchito yeniyeni imayambira, pakuti mapesi amene woyenda pagalimoto amawayesa amasiye ali ndi eni ake, ndipo eniwo ndi ambiri.

Mwini woyamba ndi nthaka. Phesi lililonse latenga chakudya m'dothi, ndipo likaola pomwepo limabweza china mwa chimene linatenga. Likanyamulidwa kupita ku ng'anjo, mlimi adzalipira kusiyanako ndi feteleza amene mtengo wake ukumuliza kale. Makolo athu, pokwirira mapesi m'mizere nthawi yososa, ankadziwa zimenezi popanda kuzilemba. Ndipo alangizi a ulimi wa mleranthaka, amene akhala zaka zambiri akuchonderera alimi kuti aleke kutentha ndi kuyamba kuphimbira, amanena kuti gawo limodzi mwa magawo atatu a nthaka, kapena kupitirira apo, likhale lofundidwa, kuti mvula yoyamba isakokolole dothi ndiponso chinyontho chisathe msanga. Pamunda wobereka mochepa, monga ilili minda yambiri ya m'midzi, kufunda kumeneko kumatha pafupifupi mapesi onse amene alipo. Chingakhale chinthu chachilendo ndithu kuti mlangizi mmodzi abwere Lolemba kudzati musachotse phesi m'munda, wina abwere Lachitatu ndi ngolo kudzagula mapesi omwewo.

Mwini wachiwiri ndi ng'ombe ndi mbuzi, zimene mwa mwambo wa m'midzi yambiri zimatayiriridwa kukolola kukatha, n'kumadya m'munda wa aliyense chilimwe chonse, pamene msipu wa kudambo wauma. Wachitatu ndi chiswe, chimene sichipempha chilolezo kwa mfumu. Ndipo pali mwini wina amene mabuku a maofesi samulemba kawirikawiri, ndiye mayi wa pakhomo, amene kumene nkhuni zinatha amaphikira zitsononkho ndi mapesi, namangira mapesi omwewo mpanda wa bafa kapena wa dimba, natentha ena kuti atcheze chidulo cha therere. Ku Thyolo, ku Mulanje ndi ku Zomba mitengo ya nandolo ndiyo nkhuni za mabanja ochuluka, ndipo alimi ena amasankha mtundu wa nandolo poyang'ananso kukula kwa tsinde lake. Mlimi wa fodya amaunjika mapesi pa nazale yake nawatentha kuti aphe tizilombo ndi njere za udzu asanafese. Pomaliza amadza anyamata osaka mbewa ndi machesi awo. M'dziko limene mabanja oposa asanu ndi anayi mwa khumi alionse amaphikira nkhuni kapena makala, kunena kuti zotsala za m'munda sizigwira ntchito ndiko kusayang'ana pa mafuwa a anthu osauka. M'Malembo timamva za Rute, mkazi wamasiye wa ku Moabu, amene anadzisunga yekha ndi apongozi ake pokunkha m'munda wa Boazi, chifukwa chilamulo cha Aisraeli chinkasiyira waumphawi ndi mlendo zotsala za m'munda. Khunkha la masiku ano ndi mtolo wa mapesi pamutu pa mayi wopanda ndalama ya makala, ndipo fakitale ikadzayamba kugula, iyeyo ndiye adzayamba kumva kuwawa kwake.

Tiyeni tiyese masamu, mongoyerekeza. Kilogalamu ya mapesi ouma ili ndi moto woyandikira wa kilogalamu ya nkhuni zouma, ndiye kuti pafupifupi theka la moto wa makala. Ng'anjo yaing'ono yopukusa megawati imodzi ya magetsi ndi nthunzi imadya tani imodzi ndi kanthu pa ola lililonse, zimene pachaka zimakwana matani pakati pa 8,000 ndi 10,000. Ngati pa matani 2 a pahekitala tichotsapo za nthaka, za ziweto, za chiswe ndi za pamafuwa, n'kutsala theka la tani, ndiye kuti megawati imodzi yokhayo ifuna mahekitala 16,000 kapena 20,000 a chimanga. Ndipo popeza banja la kumudzi limalima chimanga pamalo osakwana hekitala, mwini fakitale ayenera kupangana ndi mabanja zikwi makumi angapo, chaka ndi chaka, aliyense ndi ngolo yake kapena njinga yake. Farao pofuna kuzunza ana a Israeli sanawaonjezere njerwa. Anangoleka kuwapatsa udzu pamalo amodzi, kuti azibalalika m'dziko lonse kukatola ziputu okha. Ziputuzo zinalipo zambiri m'Igupto. Chizunzo chinali m'kutolera. Mapesi ndi opepuka koma otenga malo, kotero kuti lole imadzaza isanalemedwe, ndipo mtunda ukatalika, dizilo wotenthedwa panjira amadya phindu lonse la katunduyo.

Nzeru imeneyi anaigula ndi ndalama zambiri anthu a ku Iowa, m'dziko la America, kumene mlimi mmodzi amalima chimanga pa mahekitala mazanamazana, ali ndi makina omangira mapesi m'mitolo ikuluikulu ndi misewu yabwino. Mu 2014 kampani ya POET-DSM inatsegula ku Emmetsburg fakitale yopanga ethanol kuchokera ku mapesi ndi zitsononkho, ndipo mu 2015 kampani ya DuPont inatsegula ina m'tauni yotchedwa Nevada. Ya DuPont inatsekedwa mu 2017, inzake ija inaleka kupanga mu 2019. Zifukwa zinali zingapo, za mitengo ya mafuta, za malamulo ndi za makina, koma pakati pa izo panalinso kulemera kwa ntchito yosonkhanitsa, yosunga ndi yoyeretsa mapesi obwera ndi dothi la m'munda. Ngati anatopa iwo amene ali ndi mathirakitala, ife a khasu ndi ngolo tiyenera kuwerenga kawiri.

N'chifukwa chake wolosera wodziwa ntchito amalekanitsa zotsala za m'munda ndi zotsala za pachigayo. Za pachigayo zasonkhanitsidwa kale ndi munthu wina amene ankafuna shuga, mpunga kapena mtedza, ndipo mtengo wonyamulira unalipiridwa ndi mbewuyo. Mulu wa mankhusu kuseri kwa makina opunthira mpunga ku Karonga, ku Nkhotakota kapena kufupi ndi nyanja ya Chilwa, makoko a mtedza kumene ogula amaswera ku Mchinji ndi ku Lilongwe, bagasse wa ku Nchalo, zonsezi zili pamalo amodzi, zili ndi mwini mmodzi wokambirana naye, ndipo kuchuluka kwake kukhoza kuwerengedwa kuchokera m'buku la pasikelo. Nzimbe zimaposa zonse pa kudalirika, popeza n'zothirira, munda uliwonse umadziwika kukula kwake ndi msinkhu wake, ndipo oyang'anira amatha kunena miyezi ingapo nyengo yodula isanayambe matani amene adzalowe m'chigayo. Ngakhale kumeneko madzi osefukira a m'Chigwa cha Shire amasokoneza mawerengedwe zaka zina. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Pa zotsala za m'munda, chimene ndimachiona kuti chili ndi eni ochepa ndi mitengo ya thonje ya ku Balaka, ku Salima ndi ku Chikwawa, imene ng'ombe siziidya, ndiponso imene mlimi amalamulidwa kale kuizula ndi kuitentha akatha kutola, pofuna kupha mbozi zogonera m'menemo.

Koma ngakhale za pachigayo zili ndi nyengo yake. Nzimbe zimadulidwa kuyambira cha mu Epulo mpaka mvula itayandikira kugwa, ndipo m'dzinja chigayo chimaima. Anthu a pachilumba cha Mauritius, amene amagulitsa ku dziko lonse magetsi ochokera ku bagasse, anathetsa vutoli pomanga ng'anjo zotentha bagasse nthawi yodula nzimbe ndi malasha miyezi yotsalayo. Palinso chinthu china chimene masamu a pepala amaiwala, chakuti mulu umene lero mwini chigayo akukupemphani kuti mumuchotsere mwaulere, mawa akaona lole yanu ikubwerabwera adzauikira mtengo. Ndipo owotcha njerwa ndi oweta nkhuku, amene amafuna mankhusu omwewo, sadzakhala manja lende.

Chimene ndikuchiyesa chachikulu pa zonse ndi ichi, chakuti fakitale iyenera kumangidwa molingana ndi chaka choipa. Mu 2016, El Niño atatipitira, dziko linakolola chimanga pafupifupi matani 2.4 miliyoni, mu 2021 linakolola oposa 4 miliyoni, mu Malichi 2024 Pulezidenti wa panthawiyo Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi chifukwa cha ng'amba. Wotenga zaka zonsezi n'kuzigawa pakati adzapeza chiwerengero chooneka bwino chimene sichinachitikepo m'munda wa munthu aliyense. Ndipo chaka cha chilala chimapweteka kawiri: mapesi amachepa, eni ake aja n'kuwafuna koposa, popeza msipu wauma ndipo ndalama ya makala palibe, komanso nthawi zina ndi nyengo yomweyo imene nyanja ya Malawi imatsika, Shire n'kuchepa mphamvu pa Nkula, pa Tedzani ndi pa Kapichira, monga tinaonera m'mdima wa 2016 ndi 2017. Pamene dziko lingafunitsitse magetsi a mapesi ndi pamene mapesiwo kulibe. Yosefe anasunga tirigu wa zaka zisanu ndi ziwiri za mwanaalirenji kuti adyetse zaka zisanu ndi ziwiri za njala, koma mapesi sasungika chotero. Mulu wake ukanyowa umaola, ukauma umaitana moto, ndipo chiswe chimaupeza pena paliponse pamene waikidwa.

Kotero kalata ya wolosera woona mtima siikhala ndi chiwerengero chimodzi. Imanena za chaka chabwino, chaka chapakati ndi chaka choipa; imasonyeza pamapu midzi ndi zigayo zimene zili pamtunda woti ngolo kapena lole ifike mosaluza; imatchula miyezi imene katundu adzapezeke ndi miyezi imene ng'anjo idzadye za m'nkhokwe. Ndipo chiwerengero chovuta koposa, cha gawo limene lingachotsedwe m'munda, sichipezeka mu ofesi. Woyeza amapita m'Juni m'minda yosankhidwa mwa maere, nakhoma zikhomo pamalo a mamita 10 mbali zonse, naika pasikelo mapesi onse a m'katimo, natengako pang'ono kukaumitsa kuti adziwe madzi ali m'menemo, otsalawo n'kuwabwezera pamene anagona. Mu Okutobala, chizimalupsa chisanagwe, amabweranso pazikhomo zomwezo ndi sikelo yomweyo, ndipo kusiyana kumene wakupeza amakakufunsa kwa mayi mwini munda, amene adzamuwerengera pa zala mosaphonya: ena anadya mbuzi za kwa achimwene, ena ali pa mpanda wa bafa apo, mitolo iwiri inapita ku nazale ya fodya, ndipo mbali ya kumunsi inapsa tsiku la Sabata anthu ali kutchalitchi.